Nyumba ya Makomo Awiri

Chitseko chimenecho chinali cha mgolo. Bambo aang'ono anaung'amba mgolowo, n'kuumenya ndi hamala mpaka unaphwatalala, kenako anaukhomera pa timatabwa n'kuupachika kuseri kwa nyumba yathu, pamalo pomwe dzulo lake panali khoma. Mbali imodzi chinali chobiriwira, mbali inayo dzimbiri lokhalokha, ndipo dzuwa likachiwomba chinkanunkha dizilo. Ukachikankha chinkalira kweee, ngati kamwana ka mbuzi kopanidwa pampanda. Tsiku lina ndinatenga nthenga ya nkhuku ndi timafuta tophikira kuti ndichitontholetse, koma amayi anandilanda nthengayo n'kunena kuti ndichisiye, chizilira choncho. Ine ndinangoti akuumira mafuta.

Chaka chimenecho mudzi wathu, womwe uli chakumtunda kwa minda ya mpunga ya ku Wovwe, unapepuka. Kunamveka mbiri yoti ku Kayelekera akulemba anthu ntchito kumgodi, ndipo amuna anachoka mmodzimmodzi, zikwama kumsana. Bambo anga anapita nawo. Amene sanapeze malo kumeneko anatsikira ku Sangilo kukapha usipa. M'mudzi munatsala azimayi, ana ndi nkhalamba.

Ine ndinali mwana wachidwi choipa, wa mtundu uja amati adzafera kusuzumira. Popita kusukulu m'mawa ndinkayang'ana nyumba iliyonse kuti ndione ngati ikutuluka utsi. Zinkandizunguza mutu. Nyumba zabwino, za njerwa zootcha ndi malata onyezimira, n'zimene zinali ndi maloko, udzu utamera mpaka pakhomo, eni ake ali kutali kukasaka ndalama zomalizira pulasitala. Pomwe tinyumba taudzu, topendekeka, tinali todzaza ndi ana a anthu osiyanasiyana, osiyidwa kwa agogo awo. Ndinafunsapo amayi chifukwa chomwe anthu othinana aja sankangolowa m'nyumba zopanda anthuzo. Anati ndili ndi mafunso ngati wapolisi.

Agogo aamuna, bambo wa bambo anga, ankakhala tsidya lina la kamtsinje, pamalo pomwe anthu ankati kwa anyamata. Dzinali linkandiseketsa, chifukwa mnyamata ndinali ndisanamuoneko. Agogowo anandiuza kuti iwo ndi anzawo amsinkhu umodzi anadzamanga pamenepo asanamere ndevu, monga ankachitira Ankhonde akale, n'kukwatira pomwepo, n'kukalambira pomwepo. Anzawowo anatha mmodzimmodzi. Agogo aakazi nawonso anali atagona kale pansi pa mtengo wa mango. Pamudzi wonsewo panatsala nthochi, zitunda za nyumba zakugwa, ndi utsi wa munthu mmodzi.

Mvula ya chaka chimenecho inagwetsa khoma la nyumba yawo. Mwamwayi iwo anali panja. Bambo aang'ono, omwe ankakhala kunyanja, anabwera n'kuwakweza pa ngolo ya ng'ombe pamodzi ndi mphasa, mpando wopinda, wailesi yomangidwa ndi mphira ndi chipanda chawo cha chambiko, mkaka wowawasa uja ankaukonda kuposa nyama. Ngoloyo inaima pakhomo pathu. Amayi anali atathawira kale m'nthochi.

Apa ndiye panali nkhani. Kwathu mkazi wokwatiwa saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana, salankhula nawo, sakhala nawo m'chipinda chimodzi, ndipo akawaona patali akubwera amapatuka n'kufunda nsalu kumutu. Mabanja ambiri anali atayamba kale kuufewetsa mwambowu, koma amayi analeredwa ndi anthu ouma mutu, ndipo agogo anali ouma kuposa. Kale zinali zosavuta poti kamtsinje kankawalekanitsa. Tsopano nkhalamba ija inafunika kuphikiridwa, kuchapiridwa ndi kutenthetseredwa madzi, ndipo munthu wamkulu yekhayo amene anatsala pakhomo anali yemweyo wosaloledwa kuiona.

Azakhali a ku Mzuzu anatumiza mawu oti agogo apite kwawoko. Agogo anakana mpaka ndodo inagunda pansi. Anati ku Mzuzu kumazizira, nthochi n'zogula, ndipo akafera kumeneko adzaikidwa pakati pa anthu osawadziwa, mkazi wawo ali yekha pansi pa mango. Bambo aang'ono anagamula kuti tiyese dzinja limodzi, zikakanika ulendo wa ku Mzuzu ulipo. Ndiye anaboola khoma lakuseri, n'kutseka khomo lapakati ndi mphasa ndi matumba. Kumaso kunakhala kwa agogo. Kuseri kunakhala kwa amayi. Ine ndi mchimwene wanga tinkalowa paliponse ngati nkhuku.

Pasanathe sabata anali atapangana kale popanda kulankhulana. Agogo akafuna kutuluka ankayamba akhosomola, chifuwa chabodza chomveka mpaka kukhola. Amayi akafuna kuzungulira kumpopi, chitseko chija chinkawalengezera. Agogo akamva kweee ankatembenuza mpando n'kuyang'ana kukhoma mpaka mapazi atapitirira.

Pakamwa pawo ndinali ine. Amayi ankaima kuseri kwa mphasa n'kunena mokweza kuti ndikawauze agogo kuti madzi afunda. Agogo, omwe anali pafupi moti akanatha kumva ngakhale kupuma kwawo, ankakhala duu, kudikira. Ndikabwereza, ankayankha kuti ndikawauze amayi kuti amva, ndipo amayi nawonso ankadikira. Zinkandikwiyitsa zedi. Anthu akuluakulu, makutu ali nawo, n'kumandidzutsa pa masewera kuti ndinyamule mawu kuchoka pano kufika apo! Tsiku lina ndinaganiza zoyesa. Amayi atanena zamadzi ndinangotseka pakamwa kuti ndione amene ayambe kugonja. Panalibe. Tambala analira, wailesi inatha nyimbo, madzi anazizira m'bafa. Kenako amayi anandikoka khutu n'kukawatenthetsanso.

Ndinatsimikiza mumtima kuti anthuwa anayambanapo kale, ndipo ndinkafufuza kuti analakwirana chiyani. Ndinafunsa mchimwene wanga, iye anati mwina ng'ombe. Ndinafunsa agogo, anaseka mpaka chifuwa chenicheni chinabwera. Ndinafunsa amayi, anati ndikadzakwatiwa ndidzasiya kulongolola.

Ngakhale kusukulu nkhaniyi inanditsatira. Aphunzitsi athu, mayi wochokera chigawo chapakati yemwe ankatikakamiza kuyankha m'Chichewa, ankaphunzitsa za banja ndipo ankafunsa aliyense kuti kwawo amakhala ndi yani. Itafika nthawi yanga ndinafunsa kaye ngati nyumba ya makomo awiri ndi nyumba imodzi kapena ziwiri. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsiwo sanaseke. Anati makomo asandisokoneze, anthu odya za mumphika umodzi ndi banja limodzi. Madzulo ake ndinakhala pafupi ndi moto n'kumayang'anitsitsa. Mphika unalidi umodzi. Komabe sindinakhutire, chifukwa banja la m'buku lathu linajambulidwa litakhala pamphasa imodzi, onse akuyang'anana.

Lero ndikaganiza ndimaona kuti ndinkayang'ana zolakwika. Amayi ankawawerenga agogo pa mbale yobwerera. Nthochi zophika zikatsala, ankadziwa kuti mano avuta, mawa lake ankazipota zikhale phala. Pochapa anaona kuti lamba wabooledwa bowo latsopano, ndipo anabweza mathalauza onse m'chiuno popanda wowauza. Agogo nawonso anali ndi njira zawo. Akamva musi ukugunda mofooka ankaitana mchimwene wanga n'kumukalipira kuti mwamuna wanji wosiya mayi ake akusinja okha. Ankakhala tsiku lonse akupota zingwe za khonje zomangira zitini zoopsezera mbalame kumunda wa amayi, koma pondipatsa ankati ndinene kuti zangopezeka. Mwambowo sindiukometsa ayi, unali wolemetsa ndipo ine sindinautsate. Koma sindingathenso kunena kuti munalibe kanthu.

Mpunga utayamba kucha mudzi unkakhala wopanda munthu masana. Aliyense wotha kukuwa ankakhala kumunda kupirikitsa mbalame. Tsiku limenelo ine ndinatsala chifukwa cha chilonda chapaphazi, ndipo amayi anali atabwera kudzaphika. Agogo anakhosomola, n'kutuluka kupita kuchimbudzi. Pobwerera ndodo inaterereka. Ndinamva phuu, ndipo nditathamangira ndinawapeza atagona chammbali pabwalo, padzuwa lamoto, mwendo utapindika, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ndinawakoka mkono, osasuntha.

Amayi anakuwa ali kuseri kuti ndikaitane anthu. Ndinathamanga motsimphina. Nyumba yoyamba, loko. Yachiwiri, loko ndi mavu pakhomo. Kwina ndinapeza tiana tokhatokha tikudya magwafa aawisi, kwina gogo wosaona yemwe anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Nyumba zonse zija ndinkaziwerenga utsi ndinazidziwa bwino tsiku limenelo. M'mudzi monse munalibe mikono iwiri yoti n'kunyamula munthu.

Nditabwerera ndinapeza amayi ataima pakona ya nyumba, atafulatira. Agogo anali atasiya kubuula, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa. Amayi anafunda nsalu kumutu mpaka kumaso, ina anaigwira m'manja, n'kundiuza kuti ndiwatsogolere. Anayenda chafutambuyo, ine ndikuti kuno, kuno, imani. Ananjuta pafupi ndi agogo.

"Uwauze agogo ako agwire m'khosi," anatero.

Ndinabwereza. Agogo anatseka maso n'kukweza manja. Amayi anawakokera kumsana, n'kuwamanga ndi nsalu ngati khanda, miyendo yowonda ija ikulendewera, n'kudzuka. Sanavutike n'komwe, ndipo ndinamva akudzinong'oneza kuti mayo ine, apepuka chonchi. Analowa pakhomo lakumaso, lomwe sanapondepo chibwerere agogo, anawatsitsa pamphasa ali chifulatirire, n'kutuluka. Atafika kuseri anakhala pansi n'kulira. Ine ndinkaganiza kuti apweteka msana.

Bambo aang'ono anafika mawa lake pa njinga. Atamva zonse anati basi zakwana, mwambo wasweka, munthu akanafa, ulendo wa ku Mzuzu wapsa. Amayi anali kuseri kwa mphasa, akudikira mlandu. Mtima wanga unali m'mwamba chifukwa ndinkadziwa kuti agogo akakwera basi sadzabweranso.

Agogo anawasiya mpaka anamaliza. Kenako anafunsa ngati pali amene anaona amayi akuwayang'ana.

"Ine ndinaona msana," anatero. "Msana uli ndi maso?"

Bambo aang'ono anayamba kufotokoza za chipatala ndi magetsi a ku Mzuzu. Agogo anawadula.

"Kumeneko alipo woti n'kundinyamula?"

Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo njinga inabwerera kunyanja yopanda katundu. Madzulo agogo anandiitana n'kundipatsa chipanda chawo chija kuti ndikawapatse amayi, ati ndinene kuti changopezeka.

Agogo sanadzukenso bwinobwino. Anafika nawo pa mpunga watsopano, anadya pang'ono n'kutumiza mawu oti wanunkhira, ndipo mphepo yozizira itayamba anatisiya. Anakaikidwa tsidya lija, pansi pa mango. Pamaliro mudzi unadzaza. Bambo anabwera, a ku Sangilo anabwera, maloko anatsegulidwa, nyumba iliyonse inatuluka utsi. Kunena zoona ine ndinasangalala, ndinkazungulira paliponse kuona nkhope zomwe ndinkangozimva maina. Posakhalitsa onse anabalalikanso, udzu n'kuyamba kumera m'makomo.

Khomo lapakati linatsegulidwa, matumba anachotsedwa, koma amayi anapitiriza kutulukira kuseri. Tsiku lina ankapeta mpunga pafupi ndi chitseko chija, ine ndikutola timiyala. Anaimitsa lichero.

"Kodi agogo ako nkhope yawo inali yotani?"

Ndinaseka. Ndinati ngati ya nkhalamba basi. Sanaseke nawo, anangodikira monga ankadikirira mawu aja. Chithunzi panalibe, agogo ankakana kujambulidwa. Ndiye ndinayamba kutola zomwe ndinkakumbukira: khutu limodzi long'ambika, nsidze zoyera zoyang'ana m'mwamba, mano awiri otsala m'munsi. Anafunsa ngati ankafanana ndi bambo. Ndinati mphuno yokha. Anafunsanso kuti nanga akamaseka ankaoneka bwanji. Ndinasowa mawu, choncho ndinangoyerekeza, kutsinzina diso limodzi n'kukwinya mphuno monga ankachitira.

Amayi anaika lichero pansi, nkhuku zikudya mpunga iwo osazithamangitsa. Anandigwira chibwano n'kunena kuti ndichitenso. Ndinachitanso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, yaitali kwambiri, mpaka ndinachita manyazi. Ine ndinkangodabwa kuti munthu wamkulu angafunse bwanji chinthu chomwe mudzi wonse unkachidziwa, ndipo atandisiya ndinapukuta mphuno ndi mkono, poganiza kuti mwina panali mamina.