Boma Lonse M'boti Limodzi Kupita ku Usisya

Ndinanyamuka ku Chintheche m'mawa kukadali kachisisira, chikwama paphewa, tulo tikadali m'maso. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndimagwira ntchito ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo chaka chimenecho anandisenzetsa mtolo umene sindinaupemphe. Anati ndisonkhanitse nthambi za boma kuti ziyendere limodzi pa kampeni ya dziko lonse yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo. Apolisi, azaumoyo, amaphunziro, oona za nsomba, tonse tiziyankhula chimodzi. Kunena n'kosavuta, abale. Inu simunakhalepo pamsonkhano umene anthu a ndevu zawo atha m'mawa wonse akukangana kuti chizindikiro cha ofesi iti chikhale pamwamba pa chinsalu. Tsikulo unali ulendo wathu woyamba wa tonse pamodzi, wopita ku Usisya pa boti.

Kondakitala wa minibasi anafuna K5,000 mpaka ku Nkhata Bay, ati mafuta akwera. Ndinamufunsa ngati wamva kuti malipiro anganso akwera. Anaseka bwinobwino, koma sanachotseko ngakhale pang'ono. Ndinakhala pafupi ndi a Sisitala Mhone, namwino woona za matenda a maganizo, mayi wa konkuno amene anagona kwawo ku Bandawe. Titalowa m'nkhalango ya mitengo ya raba, dziko linada bii ngati talowa m'tchalitchi, mitengo itaima m'mizere yosatha, anthu ogulitsa mipira m'mbali mwa msewu akuoneka ndi kuzimiririka. Ndinayamba kuwodzera. A Sisitala anandigwira bondo.

"Madamu, lero pobwerera tikhala ndi munthu wina m'boti."

Anandifotokozera za Yotamu, msodzi wa usipa, bambo wa ana awiri. Anayamba ndi chamba, ati chothamangitsira kuzizira panyanja, kenako anaonjezera mapilisi amene amabwera ndi ena mwa ogula nsomba. Tsopano ankayankhula yekha, mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwawo, ndipo amene ankamusunga anali mlongo wake, aNyamanda. A Sisitala anakhala akumunyengerera pa foni kwa miyezi, mpaka anavomera kubwera kuchipatala. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti asaone wapolisi.

"Ndinamulonjeza," anatero a Sisitala. "Apolisi athuwo abwera atavala zawamba, eti?"

Tulo tonse tinathera pomwepo. Pamsonkhano womaliza tinagwirizana kuti aliyense avale yunifolomu ya ntchito yake, anthu aone kuti boma ndi limodzi. Ndipo paja m'maofesi mwathu msonkhano uliwonse amatumiza munthu wina, yense amene wapezeka alibe chochita tsikulo. Kuchipatala anatumiza bambo wa ku labotale, amene anagwedeza mutu, kumwa fanta, n'kubwerera osauza aliyense. Ine za lonjezolo ndinali kuzimva kumene, iwo za yunifolomu analinso kuzimva kumene. A Sisitala anayesa kuimbira aNyamanda mpaka tinafika, koma foni sinalowe.

Padoko ku Nkhata Bay tinapeza anzathu akudya chinangwa chokazinga chothira tsabola. Pakati pawo panali a Inspekitala Makwinja, bambo wa ku Mulanje, wamtali, wathupi, yunifolomu yositidwa mpaka kuthwa, mabatani akuwala ngati ndalama zatsopano. Ndinawakokera pambali n'kuwafotokozera za lonjezo la a Sisitala.

"Kugwira munthu sindigwira, Madamu, zimenezo musade nazo nkhawa," anatero. "Koma kuvula ndivula chiyani? M'katimu muli vesiti yobooka. Komanso abwana anandiuza kuti ndikaimirire ofesi."

Tinawaveka jekete ya m'boti yoteteza munthu kumira kuti ibise yunifolomu, chipewa anachipinda n'kuchiika m'chikwama changa, tinati basi zatheka. Mwini boti anawapatsa malo akutsogolo chifukwa cha udindo, ngakhale a Makwinja madzi amawaopa koopsa. Anagwira thabwa ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda. Ndikhulupirira kuti anatchula oyera mtima onse.

Koma nyanja tsiku limenelo inagona. Kunalibe mwera, kunalibe mpoto, madzi ali phee, ndipo sunkadziwa pamene nyanja yathera ndi pamene thambo layambira. Kumanzere mapiri ankatsika molunjika n'kulowa m'madzi, timidzi titakanirira m'mapazi mwake, kopanda msewu, kopanda galimoto, nsalu zokha zoyanikidwa pamiyala. Kutali kumanja kunkakwera utsi wakuda kuchokera pamadzi penipeni. Ndinafunsa ngati boti lina likupsa. Bambo wa ofesi ya nsomba anati ndi nkhungu, touluka tating'onoting'ono timene timatuluka m'nyanja. Ndinauyang'ana utsiwo ukupindika pang'onopang'ono, injini ikung'ung'uza nyimbo imodzimodzi, mpaka ndinagona. Ndinalota msonkhano wathu ukuchitikira pamadzi, mipando ikuyandama, aliyense akutengedwa kwayekha uku akukweza mkono kuti ayankhule.

Ndinadzuka boti likukhudza mchenga padoko lina laling'ono, pamene tinatsitsa mphunzitsi wina ndi thumba lake la ufa. Mayi wogulitsa nthochi analowa m'madzi mpaka m'mawondo, beseni pamutu.

"Yewo, ama, gulani zakupsa bwino," anatero kwa ine. Kenako maso ake anatsika pa thalauzi ndi nsapato za a Makwinja. "Ada awa ndi apolisi?"

"Ndi mlendo wathu," anayankha a Sisitala.

Mayiyo anamwetulira, kutipatsa nthochi, n'kubwerera kumtunda mofulumirirapo. Tisanakhote n'komwe, ndinamuona ataima pamwala, foni ili kukhutu. Netiweki imene inatikana ife m'mawa wonse inamulola iyeyo. Zinandiwawa, ndisaname.

Tinafika ku Usisya dzuwa lili paliwombo. Mapiri amafutukako pang'ono pamenepo n'kusiya chidikha cha minda ya chinangwa, phiri lina litakhala lokhalokha pakati. Ana asukulu ankaimba, amayi ndi madoda atakhala pansi pa mtengo waukulu. Koma mchenga unali mbee. Asodzi a usipa amagwira ntchito usiku, masana amagona, mabwato awo atawakokera kumtunda. Tsikulo pamchenga panatsala mikwasa yokha. Mabwato onse anali panyanja, patali ndithu, akungoyandama opanda khoka, anthu atakhala m'menemo kutiyang'ana.

ANyamanda anatichingamira atanyamula kachikwama ka zovala. Anali mayi wamfupi, wa maso ofiira ndi kusagona. Anapatsana moni ndi a Sisitala m'Chitonga, kenako anatembenukira kwa ine.

"Anasamba m'mawa, ama, anavala malaya oyera, anakhala pakhonde kudikira. Ndiye foni yabwera kuti m'boti muli apolisi. Onse athawira pamadzi, nayenso wapita nawo."

Msonkhano tinachitabe, nanga tikanatani? Aliyense anayankhula motsata udindo. Tinauza ana a sitandade fili kuipa kwa chamba, tinachenjeza amayi okalamba za mapilisi oledzeretsa, iwo n'kumaomba m'manja mwaulemu. Anthu amene tinawadzera anali uko, akugwedezeka pang'onopang'ono padzuwa. Mawu athu pachimkuzamawu ankapita pamadzi n'kubwerera okha.

Titamaliza, a Makwinja anandiitana. Nkhope yawo inali itagwa.

"Madamu, vuto ndine. Tengani boti mukamutenge munthuyo. Ine nditsala, mawa ndikwera matola a kumapiriko, ngakhale akuti msewu wake ndi wolira nawo."

Anakakhala poyera pamchenga, pamene aliyense panyanja akanawaona, navula nsapato. Ndinawakonda bambo amene aja tsiku limenelo. Tinakwera ine, a Sisitala, aNyamanda ndi mwini boti. Titayandikira mabwato, injini inazimitsidwa, ndipo kunangoti zii, kumveka timadzi tokha tikunyambita matabwa. Mabwato ena anasendera kutali. Limodzi linatsala.

Yotamu anali wowonda, malaya oyera atawamanga mabatani mpaka pakhosi, nkhafi ili pamiyendo. Sankaoneka wamisala ayi. Ankaoneka ngati munthu wotopa amene wavalira ulendo. A Sisitala anamuyankhula m'Chitonga motsitsa mawu, nthawi yaitali, akuloza kumtunda kumene a Makwinja anakhala. Iye anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anayankha m'Chichewa, akuyang'ana ine.

"Ndawaona kuti atsala. Koma botili labwera ndi apolisi, ndipo anzangawa aliona. Ndikakwera, anena kuti ndapita kukatchula maina. Ine ndikhala ndili kuchipatala, nanga mlongo wangayu akhala bwanji pamudzi pano?"

ANyamanda anayamba kulira mwakachetechete, akumuuza kuti za iwo asaziganize, angokwera. Anatambasula kachikwama kaja. Yotamu anakayang'ana, dzanja lake linanyamuka pang'ono, kenako linabwerera pa nkhafi.

"Kuchira ndikufuna, a Sisitala. Mawu amene ndimamva m'mutumu akundisowetsa tulo. Mubwere nokha tsiku lina, ndikwera pamaso pa aliyense. Mubwera liti?"

A Sisitala anatembenuka kuyang'ana ine, poti za mafuta a boti zinkadutsa m'manja mwanga. Ndipo ine ndinkadziwa lamulo limene tinalikhazikitsa tokha, monyadira, pofuna kuthetsa zoti ofesi iliyonse iziyenda payokha: mafuta a kampeni amatuluka pokhapokha nthambi zonse zikuyenda pamodzi. Chipatala pachokha chinalibe mafuta a ulendo wa pamadzi wotero.

"Posachedwa," ndinatero.

Yotamu anagwedeza mutu ngati munthu amene mawu amenewo anawamvapo kale. Anaviika nkhafi m'madzi, bwato linatembenuka mosapupuluma, n'kulowera kumene kunali anzake. Tinabwerera kumtunda, tinatsitsa aNyamanda ndi kachikwama kawo, a Makwinja anavalanso nsapato n'kukwera.

Pobwerera nyanja inali yogonabe, yokongola mopweteka mtima. Anzathu ankakambirana kuti ulendo wayenda bwino, nthambi zonse zafika, palibe amene wajomba. Zinali zoona. Tinathera miyezi kuphunzira kukhala m'boti limodzi, ndipo tinakhoza, koma palibe mmodzi wa ife anafunsapo kuti boti lotero limaoneka bwanji kwa munthu woima pamchenga. Ife tinkaona boma logwirizana. Iwo anaona apolisi abwera ndi anzawo.

Titatsika ku Nkhata Bay, miyendo ikadali kuyandama, a Sisitala anaima pambali panga akukonza nsalu yawo.

"Madamu, aNyamanda akaimba mawa, ndiwauze tsiku liti?"

Ndinalibe tsiku loti ndiwapatse, ndipo mpaka lero ndilibe.