Chithunzi cha Curtis pa Paketi ya Mkaka

M'tauni mwathu muno ku Wisconsin, ku America, amati Mayi Verna Pribek mutu unawazungulira. Akuti amaonera makatuni limodzi ndi zidzukulu, mphuno itagunda galasi la TV. Olankhulawo ndi azibambo omwe aja amene amaswera m'bala kukangana za nsomba zimene sanagwirepo.

Mutu wa Verna uli bwinobwino. Anakalambira kufakitale akudula tchizi, koma zala ali nazo zonse, pomwe amuna awo a Orville powerenga zawo amathera panjira.

Mwana wawo Curtis anasowa mu 1985 ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anapita panjinga kukagula nyambo. Njingayo inapezeka.

Masiku amenewo makampani a mkaka ankasindikiza nkhope za ana osowa pamapaketi, kuti munthu uzimwa khofi ukuyang'anizana ndi mwana wa eniake. Akampani atapempha chithunzi, Verna anatsitsa chapakhoma, chojambulidwa kusukulu Curtis ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri: tsitsi lopesa bwino, mano awiri akutsogolo kulibe. A Orville anati mwanayo anasintha kalekale, apereke chatsopano. Verna anakana. Anati pazatsopanozo tsitsi lili nyankhalala ngati tsache, sangamuike choncho patebulo la anthu.

Ndiye dera lonse linadya chakudya cham'mawa likufunafuna kamwana kopanda mano, pamene wosowayo anali mnyamata wamtali, mawu atayamba kale kukula. Matelefoni anabweradi, koma onse anali a tiana tating'ono ta anthu ena. Mkaka unamwedwa, mapaketi anapita kudzala. A Orville sanaikumbutsepo nkhaniyi mpaka anamwalira, nawonso Verna sanaifunse.

Lero mapaketi aja anatsala m'makatuni a pa TV basi. Mphaka akutsanulira mkaka, waona nkhope yake papaketi, maso tong'o, zidzukulu kukomoka nazo. Verna saseka, salira. Amangodzuka pampando n'kusendera pafupi.

Mwana wawo wamkazi Gail anawauza tsiku lina akupukuta mbale.

"Amayi, anthu akuti mwapenga. Ndi zojambula chabe zimene zija, mulibe Curtis mmenemuja."

Verna anatsiriza kaye kutsuka kapu.

"Ndikudziwa kuti mulibe, sindine chitsiru," anatero. "Ndimangoona ngati nkhope yapapaketiyo ikufanana ndi mwiniwake. Ya mphaka imafanana."