Bokosi Losanyamulika

Ntchito yanga ndi yojambula makanema a makwaya, maukwati, nthawi zina maliro. Ndikajambula ndimabwera kudzakhala pa kompyuta, kudula ndi kulumikiza zithunzizo mpaka milomo ya oimba igwirizane ndi nyimbo. Ndine mkamwini m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo nthawi imeneyo ndinkagwirira ntchito m'chipinda cha kumaso kwa nyumba imene tinamanga pamalo a apongozi anga.

Kompyuta yanga yoyamba inali ya bokosi lalikulu lachitsulo, lofika m'mawondo, lolemera ngati ndowa yodzadza madzi. Inapita chaka chija mvula inagwa osalekeza mpaka phiri linang'ambika. Kwathu madzi anafika kutacha kale. Tinayamba kumva mkokomo ngati malole ambiri akutsetsereka pamodzi, kenako fungo la dothi ndi mitengo yothyoka. Mkazi wanga anali kale pabwalo, mwana wathu wamkazi ali kumbuyo. Ine ndinalowa m'chipinda muja n'kukumbatira bokosilo, koma zingwe zake zinali zokulungana kuseri kwa tebulo. Nditakoka mwamphamvu linapendekeka n'kundigwera pamwendo. Ndinamva mkazi wanga akundiitana ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pake. Ndinalisiya pomwepo, n'kutuluka madzi ali m'akakolo, ndipo tinathamangira kutchalitchi kumene kuli pokwera.

Titabwerera tinapeza khoma la chipindacho litagwa, matope ofika m'chiuno, ndipo pamene panali munda wa nandolo panali miyala ikuluikulu. Bokosilo sitinalione. M'menemo munali kanema wa ukwati wa banja lina la kutsidya kwa mtsinje, limene linakokoloka lonse kupatula mayi a mkwati. Mayiwo anabwera kudzandifunsa ngati kanemayo ndinamusunganso kwina. Ndinawauza kuti ayi. Sanalire. Anangondithokoza, n'kumanga bwino chitenje chawo, n'kumapita.

Kuyambira pamenepo mvula ikangoyamba kugunda pamalata, ndinkasiya chimene ndikuchita n'kumamvetsera. Ngakhale pa boma, lole ikamadutsa ndi katundu wolemera, ndinkapezeka ndaima n'kumayang'ana kuphiri.

Titakonza nyumba, ndipo anthu atayambanso kukolola, alamu anga anandiitanitsa ku Limbe. Iwowa ndi achimwene ake a mkazi wanga, mwini mbumba pakhomo paja, ndipo amakonza makompyuta m'kashopu kena kothina kuseri kwa msika. Anati ali ndi zipangizo zabwino zogwirapo kale ntchito, ndipite ndikasankhe ndekha kuti andimangire kompyuta ina.

Ndinawapeza atayala zinthu patebulo. Mbali ina kunali bokosi lalikulu lakuda, lofanana kwambiri ndi langa lija, moti nditaliona ndinamva mwendo uja ukulasa. Mbali inayo kunali kabokosi kakang'ono, kongopitirira pang'ono katoni ya nsapato. Patsogolo pa lililonse anaikapo mathabodi yake, yomwe ndi thabwa lija lodzadza tinjira tamagetsi pamene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwa. Ya bokosi lalikulu inali yotambalala ngati thireyi. Ya kakang'onoko munthu ukanaiphimba ndi manja awiri.

Alamu sanabise mbali imene iwo anali. Anandionetsa kuti mathabodi yaikuluyo ili ndi mipata inayi yolowetsamo ramu, imene imathandiza kompyuta kuti isamatsamwe ikamanyamula kanema wautali, pamene yaing'onoyo ili ndi mipata iwiri yokha. Anatenga khadi ya zithunzi, chinthu chachitali chokhala ndi mafani ake chimene chimathandiza kompyuta kuonetsa kanema, n'kuyesa kuilowetsa m'kabokosi kaja, koma inakakamira pakhomo. Anati kakang'onoko kamafuna khadi yaifupi, yovuta kuipeza, ndiponso m'kati mwake zinthu zimapanikizana moti mpweya suyenda bwino. Anandikumbutsa mmene kumatenthera kwathu mwezi wa Okutobala, ndi fumbi limene limalowa ngakhale mawindo ali otseka. Anati m'bokosi lalikulu dzanja limalowa bwino, ndikhoza kumapukutamo ndekha, kuwonjezera fani, kapena kusintha chimene chafa popanda kukwera minibasi kubwera ku Limbe.

Zonsezi ndinkazidziwa kuti n'zoona. Koma maso anga sankachoka pa kabokosi kaja. Ndinakanyamula ndi dzanja limodzi. Ndinakaika m'khwapa. Ndinatsegula chikwama changa chakumsana n'kuyesa ngati kangalowe, ndipo kanalowa, zipi n'kutsekeka. Mumtima ndinkawerengera kale njira: kuzula zingwe, kukaponya m'chikwama, kutuluka, kudutsa pamtengo wa mango wa apongozi, kukwera kutchalitchi. Kenako ndinayesa kunyamula lalikulu lija, lopanda kanthu m'kati. Ndinaliika pansi msanga kuti alamu asaone mantha anga.

Anandifunsa ngati ndikufuna kumayenda nayo kompyutayo m'maukwati. Ndinayankha kuti mwina. Sindinathe kuwauza kuti ndikusankha chinthu choti ndidzathawe nacho. Iwo madzi aja anangowamva pa wailesi ndi pa foni. Anabwera kumudzi matope atayamba kuuma.

Ndinapempha kuti ndiyambe ndatuluka panja. Ndinaima pakhonde la shopu yoyandikana nayo, pamene ankagulitsa matayala a njinga, n'kuimbira mkazi wanga. Ndinamufotokozera zonse, za ramu, za kutentha, za chikwama. Ndinkayembekeza kuti asangalala ndi kakang'onoko, popeza iye ndi amene anandiona ndikulimbana ndi chitsulo chija madzi akulowa. Koma sanasangalale nako.

"Lalikulu lija munalisiya chifukwa linakukanikani," anatero. "Kakang'onoko mudzakabwerera. Mudzati n'kopepuka, ndingokatenga. Ine ndikukudziwani, bambo a mwana."

Ndinamuuza kuti sindingachitenso zimenezo.

"Tengani cholemera," anatero. "Choti mukachiyang'ana mudziwiretu kuti sichitheka."

Foni itaduka ndinakhalabe pakhondepo. Mantha amene ndinabwera nawo anali oti ndidzatayanso makanema a anthu, n'kudzaimanso pamaso pa mayi wina ndilibe chomuyankha. Tsopano panabwera mantha ena. Ndinadziona ndili m'chipinda muja, ndawerama kuseri kwa tebulo, ndikumasula chingwe chomaliza, ndikudziuza kuti kwangotsala pang'ono, khoma likubwera. Tsiku lija chimene chinanditulutsa si nzeru zanga. Chinali chitsulo chimene chinandigwera pamwendo.

Ndinalowanso m'shopu n'kuloza lalikulu. Alamu anasekerera poganiza kuti mfundo zawo zandigwira mtima, ndipo ine sindinawatsutse. Anamanga kompyutayo ine ndikuonerera, akumangitsa mathabodi ndi tizomangira tating'ono, akulowetsa khadi ija mpaka inalira kuti khethe. Ndinawapempha kuti andipezerenso kadisiki kakunja, kolowa m'thumba la malaya, koti ndizikoperamo ntchito ya anthu.

Ulendo wobwerera unali wautali. Kondakitala ankafuna kuti bokosilo alilowetse pansi pa mpando wakumbuyo pamodzi ndi matumba, koma ndinakana. Ndinalikhazika pamiyendo njira yonse, nditalikulunga m'bulangete, ndipo minibasi ikagwa m'dzenje ndinkamva ngati china chake chathyoka m'katimo. Pa boma ndinakwera kabaza, ine pambuyo, bokosi lili pakati pa ine ndi wopalasa. Titafika pamene panali mlatho madzi asanaukokolole, tinatsika n'kuwoloka wapansi pakati pa miyala ija inatsika kuphiri, ina yaikulu ngati nyumba. Wakabazayo anandithandiza kunyamula, ndipo anafunsa ngati m'bulangetemo muli batire ya galimoto.

Kunyumba ndinamanga nsanja ya njerwa pakona pa chipinda, yofika pachifuwa, n'kuikapo bokosilo. Mkazi wanga anayesa kulisuntha ndi manja awiri, n'kugwedeza mutu movomereza. Kadisiki kaja anakatenga iye. Anakakulunga m'pepala la shuga n'kukaika m'kachikwama kamene timasungamo mabuku akuchipatala, kopachikidwa pamsomali pafupi ndi chitseko. Ndikamaliza ntchito ya anthu ndinkamupempha, ndikopere, n'kumubwezera.

Nyengo yotentha inadutsa bwino. Malata ankachita kuthetheka masana, koma kompyutayo inkangopuma mofatsa osazima. Makwaya anayambanso kubwera. Ndinayamba kuiwalako.

Kenako dzinja linafika. Mvula inagwa masiku angapo motsatizana, yosalekeza, ndipo phiri silinkaoneka n'komwe chifukwa cha mitambo. Anthu m'mudzi ankayenda mwakachetechete. Apongozi anasiya kupita kumunda, ankangokhala pakhonde kuyang'ana kumtunda. Masana ena, titangomaliza kudya, ndinali pa kompyuta ndikulumikiza nyimbo za kwaya ina ya amayi, ntchito imene ndinali ndisanaikopere pa kadisiki. Magetsi anathima. M'chete umene unatsatira ndinaumva mkokomo uja, wapansipansi, wochita kunjenjemeretsa mawindo. Kumtunda kwa mudzi anthu a komiti yochenjeza za ngozi anayamba kuimba mawizilo.

Ndinaimirira n'kupezeka kuti ndayang'anizana ndi bokosilo pansanja pake. M'menemo munali amayi aja onse, ndi mayunifolomu awo atsopano amene anasokera kanemayo. Dzanja langa linafika mpaka pachitsulopo, chikadali chofunda. Ndinadziwa kuti ngakhale nditazula zingwe zonse sindingatsike nalo pakhonde, kuli matope oterera chotero. Ndinatembenuka n'kutuluka.

Mkazi wanga anali pakhomo, mwana kumbuyo, kachikwama kaja m'khosi. Anangondigwira malaya, ndipo sanawasiye mpaka tinafika kutchalitchi. Apongozi ndinawagwira dzanja ine, akuterereka, akupemphera m'Chilomwe.

M'tchalitchimo munadzaza anthu onyowa, koma munali zii. Ngakhale ana sankalira. Tonse tinkamvetsera. Mkokomo unkakula, n'kuchepa, n'kukulanso, ndipo nthawi zina tinkamva miyala ikugundana mumtsinje ngati munthu akugubuduza migolo. Bambo wina ankangotuluka n'kulowa, kufunsa aliyense ngati waona mkazi wake, amene anapita kukathyola chimanga kudimba. Ine ndinakhala pabenchi, ndikuyang'ana khoma la tchalitchicho n'kumadzifunsa ngati nalonso lingapirire. Mwana wathu anandifunsa ngati nyumba yathu ipitanso. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo mayi ake anandiyang'ana ndi diso loti ndikanayankha zina.

Dzuwa lisanalowe mvula inachepa. Mayi wa kudimba uja anatulukira ali matope okhaokha, atazungulira njira ya kusukulu, ndipo mwamuna wake anangokhala pansi pakhomo pa tchalitchi n'kubisa nkhope. Amuna angapo tinatsika kukaona. Madzi anali atatsata njira yawo yakale, n'kukokolola minda ya m'mbali mwa mtsinje ndi khola la mbuzi la aneba athu. Pabwalo pathu panali matope ndi zinyalala za mitengo. M'chipinda muja madzi analowa mpaka m'akakolo, n'kusiya mzere wofiira pakhoma. Bokosilo linali pansanja pake, louma.

Tinagona kutchalitchi mpaka kunja kunayera. Mapolo a magetsi anali atagwa, ndiye panapita nthawi ndithu ndisanadziwe ngati kompyutayo ili moyo. Tsiku limene magetsi anabwera ndinaima patsogolo pake nthawi yaitali ndikuopa kudina batani. Nditadina mafani anazungulira, ndipo amayi a kwaya aja anaonekera pomwe ndinawasiyira, pakamwa pali yasa pakati pa nyimbo.

Mvula itatha ndinapeza kachipinda ka lendi pa boma, kuseri kwa mashopu, kutali ndi mtsinje, ndipo kompyutayo ndinaisamutsira kumeneko. Ndinkafuna kuti tonse tisamuke. Alamu anabwera kuchokera ku Limbe kudzakambirana nkhaniyi, ndipo anavomereza. Koma apongozi anakana. Anati amuna awo ndi ana awo awiri agona pamanda a m'mudzimo, iwo sangapite kukakhala m'nyumba ya eni ake pa boma. Mkazi wanga naye anati sangasiye mayi ake okha.

Ndiye masiku ano ndimapalasa njinga m'mawa kupita ku boma, madzulo n'kubwerera. Windo la kachipindako linayang'ana kuphiri. M'dzinja ndimagwira ntchito diso lina lili kunja, ndipo mitambo ikayamba kuda pamwamba pa Michesi ndimaimbira mkazi wanga kumufunsa mmene mtsinje ukumvekera. Akachedwa kuyankha foni, ndimathimitsa kompyuta ngakhale kasitomala ali pampando, n'kukhoma chitseko. Ena amadandaula, ena anasiya kubwera. Mlatho uja anaukonza, koma ndikafika pamenepo ndimatsikabe panjinga, n'kuyamba ndaona mtundu wa madzi ndisanawoloke.