Kabokosi ka a Telala

Alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, anthu onse amangowatchula kuti a Telala. Amasoka m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa nsapato zakale. Amuna anga atamwalira, anandiitana kuti ndizikawaikira mabatani ndi kusita, ndisamangokhala ndekha kunyumba. Sitiyankhulana kwambiri. Iwo pamakina, ine ndi singano.

Anali ndi lamulo limodzi. Kalekale ali mnyamata anaiwala simbi ikuyaka, diresi la mkwatibwi nkupsa pamodzi ndi theka la tebulo. Chiyambire tsiku limenelo, chilichonse cha magetsi ankachizimitsa pakhoma, kuzula chingwe, nkuchifunditsa kansalu kosoka okha. Wailesi inali ndi kansalu kake, ketulo kakenso.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, ankamutchula kuti Kabatani. Mayi ake anamusiya ali wamng'ono, choncho anakulira pansi pa tebulo losokeralo, akuseweretsa zidutswa za nsalu. Atakwatiwa anapita ndi mwamuna wake kunja, kutali kokwera ndege.

Chaka chimene anali woyembekezera, Kabatani anatumiza foni yaikulu yopanda laini. Anati bambo ake asankhe okha chimodzi choti awaikire kunyumba: dishi yoonera mpira, kapena kabokosi ka intaneti koti azionana nkhope pafoniyo.

Woika zinthuzi anabwera kushopu kudzamva yankho, wometa uja naye anasiya kasitomala mutu uli theka.

"Madala, dishi iyi mipira yonse ili momo," anatero woikayo. "Mudzatopa ndinu."

"A Telala, mukuganizanso chiyani?" anatero wometa. "Zaka zonsezi mukusuzumira mpira pa TV yanga, khosi mpaka linakhota. Nkhope ya mwana wanu mukuidziwa kale. Ndi yanu yomweyo, mwatsoka lake."

"Iwe, kamete anthu," anatero alamu. "Mpira ndizionera kwako konko, timu yako ikamaluza ndizikuseka pafupi. Mundiikire kabokosiko."

Tsiku loika ndinawaperekeza. Kabokosiko anakakhazika pamwamba pa kabati, kanyale kobiriwira nkuyaka.

"Koma kameneka sazimitsa, madala," anatero woikayo. "Kanyaleka kakazima, foni yaikuluyi siilira."

Alamu anakagwira ndi kuseri kwa dzanja, monga amayesera simbi.

"Kakutenthatu aka."

"Ndi mmene kamakhalira."

Kutacha ndinawaona alamu akuyeza kansalu kofiirira, ndipo ndinadziwa kuti ndi ka chiyani.

Ankakayatsa Lamulungu masana okha. Ankasamba, kuvala jekete, foniyo nkuitsamiritsa kubotolo la shuga. Ine ndinkakhala pambali, posaoneka.

"Ababa, mwavalanso jekete?" Kabatani ankaseka. "Kodi mukukafunsira?"

"Ndikufuna mdzukulu wanga adziwe kuti agogo ake si munthu wamba. Taima ndione mimbayo, ndidziwe muyezo."

"Mwana samuyezera m'mimba, ababa. Koma ndikupempheni, masiku ayandikira. Musamazimitse kabokosiko. Kuchipatala kuno foni yanga imangoimba pa intaneti."

"Ndamva, mayi."

Akatsanzikana ankakhala pang'ono akuyang'ana foni yakudayo. Kenako ankadzuka, kuzimitsa pakhoma, kuzula chingwe, kufunditsa. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Alamu, bwanji mungokasiya masiku ano okha?"

"Mlamu, inu moto simunauone," anatero, osati mokalipa. "Nyumba imakhala yokha tsiku lonse."

Linali Lachitatu, dzuwa litapendeka, pamene kafoni kawo kakang'ono ka mabatani kanalira. Anali akupinda kamalaya ka khanda. Woimbayo anali mkamwini wawo. Ndinangoona phazi lachoka pamakina. Mwana anabadwa wamoyo, wamwamuna. Kabatani sanadzuke ku opaleshoni.

Tinatseka shopu. Wometa anatuluka ndi lumo m'manja, nkutiyang'ana tikupita. Njira yonse alamu anayenda patsogolo, tepi yoyezera idakali m'khosi. Titalowa m'nyumba anapita molunjika pakabati, kuchotsa kansalu kaja, kulowetsa chingwe. Tinadikira kanyale. Kenako foni yaikulu inayamba kunjenjemera patebulo, ikuonetsa dzina la Kabatani, pansi pake Kabatani, pansi pakenso Kabatani. Anaimba m'mawa womwewo, asanamulowetse ku opaleshoni.

Alamu anavala magalasi, nayang'anitsitsa nthawi imene anaimbira.

"Pamenepa ndimaika zipi pathalauza la munthu," anatero.

Sanalire tsiku limenelo. Analira Lamulungu, atavala jekete, mkamwini atawaonetsa khandalo.

Lero mdzukuluyo akuyenda, ndipo tsaya la agogo ake amalimenya ndi chikhatho pagalasi la foni. Alamu akusokabe, ngakhale ulusi ndimawalowetsera ndine. Mpira kwa wometa anasiya kuonera. Amaweruka msanga, amati mwina wina aimba. Simbi amazimitsabe pakhoma, wailesi ndi ketulo amazifunditsabe. Kansalu kofiirira kaja sindidziwa kumene anakaika.

M'mawa ndikamawadutsira popita kuntchito, ndimawapeza ataima pakabati. Amagwira kabokosiko ndi kuseri kwa dzanja.

"Kakutentha," amatero.

Kenako amatenga makiyi, nkutseka chitseko kanyale kakuyaka.