Kaseti Imene Inalila M'bango

Tsiku limenelo m'mawa ndinali kupeta mapila pabwalo la mishoni, kwathu ku Mozambiki. Amuna anga, a Zuze, anali ophikila wansembe. Mfuti yoyamba inalila cha kusukulu. Nkhuku zonse zinangoti zii. Ndinasiya lichelo pansi ndi kubeleka Malita, mwana wathu wa miyezi isanu.

Wansembeyo anali atachoka kale. Anasiyila a Zuze kawailesi, m'kati muli kaseti imodzi. Munalibe woimba, munalibe ng'oma. Zinali zoimbila za zingwe zokhazokha, zambili, zikukwela ndi kutsika ngati anthu akulila atatseka pakamwa. Ine sindinkaikonda. Koma Malita akaimva ankaleka kulila, maso ali tong'o.

A Zuze anandipatsa kawailesiko. Anati nditsogole ndi anthu ena, iwo akatenge amai awo kumunda.

Tinayenda masiku atatu kulowela ku Zambia. Mabele anga anayamba kuuma. Malita ankalila osatonthola. Amai Mumba, mai wamasiye amene ankadziwa njila, anandiuza kuti mwana akapitiliza chonchi ndidzatsala ndekha, chifukwa aphetsa gulu lonse. Sanakalipe.

Ndinayamba kumangila kawailesi m'chitenje, pafupi ndi khutu la mwana, mau ali pansipansi. Popumula ndinkayanika mabatile pamwala kuti aothe dzuwa. Ndinkawalumanso pang'ono. Ndikatelo ankagwilako ntchito.

Tsiku lachinayi masana tinamva amuna akubwela m'mbali mwa mtsinje. Tinalowa m'bango ndi kugona chafufumimba m'matope. Malita anakoka mpweya, natsegula pakamwa. Ndinadina batani la kawailesi.

Mabatile anali atafooka. Nyimbo inatuluka yokoka, yolemela, ngati ikuchokela pansi pa nthaka. Inamveka kuposa mmene ndinafunila. Amai Mumba anandilowetsa zikhadabo pamkono. Koma Malita anali atatonthola, ndipo ndinadziwa kuti ndikazimitsa alila.

Nsapato ziwili za jombo zinaima pamene bango limathela. Imodzi inali yomangidwa ndi waya. Sindinayang'ane m'mwamba.

Pakati pa nyimboyo zingwe zonse zimaleka, nkutsala chimodzi chokha. Ndinali nditaimva kambili ndikuchapa, osalabadila. Tsiku limenelo chingwecho chinakwela pang'onopang'ono, chikunjenjemela, ndipo ndinachimva m'mimba, malo amene munali mwana. Ntchentche inatela pa nsapato ija. Nsapato sinasunthe.

Munthuyo anaima mpaka kaseti inatha. Batani linabwelela lokha.

"Kuli chiani uko?" wina anafunsa chapatali.

"Tiyeni tizipita," anatelo wa jombo. "Pano panafela anthu."

Mpaka lelo sindidziwa ngati anationa.

Tinakhalabe m'matope mpaka mithunzi itatalika. Podzuka, amai Mumba anachotsa mabatile mu tochi yao ndi kundiika m'manja.

Patapita masiku awili tinatulukila m'munda wa thonje cha ku Nyimba. Mai wina wachinsenga amene anali kutola thonje anaona mwana, nakhala pansi, namuyamwitsa yekha. Kenako lole inatitengela ku msasa wa othawa nkhondo ku Petauke.

Malita lelo ali pabanja ku Nyampande, ali ndi ana anayi ndi dimba la tomato.

Ku msasa, mlembi analemba maina awili, langa ndi la mwana. Anafunsa ngati pali ena akubwela m'mbuyo. Ndinamuuza kuti asiye mizele iwili, wa a Zuze ndi wa amai awo. Inakhala choncho, yosalembedwa.