Botolo la amayi ndi diresi lobwereka

Botolo lija linali la mafuta ophikira, lopanda chotsekera. Dzinja la chaka chimene ndinalandira Ukalistia woyamba, m'mawa uliwonse amayi ankandituma kukalidzaza kumtsinje. Ankalikweza moloza dzuwa, diso limodzi atatsinzina, n'kunena kuti, "Madziwa akadali tiyi."

Diresi langa loyera linali lobwereka, lofunika kuchapa, ndipo aphunzitsi anali atanenetsa kuti wobwera ndi lothimbirira adikira chaka chamawa. Madzi otsika padenga la udzu ndiye anali oipiratu. Amayi sankakhulupirira munthu, ine ndinatengera konko. Botolo likafika ankalinunkhiza, kuopa kuti ndatunga pachithaphwi. Linkanunkha masamba owola ndi ndowe.

Anatipulumutsa ndi amalume, munthu waulesi amene ankathawira khasu mumkuyu wapagombe. Tsiku lina anatsika akusekerera. "Achemwali, ukakhala m'mwamba mtsinjewu ndi iwiri." Kamtsinje kochokera kumiyala kankayenda m'mbali mwa tsidya, koyera mbee, kasanasakanikirane ndi matope. Amayi anati ndi bodza la alesi, komabe anandikweza mumtengomo. Ndinaonadi mzere, ngati wina wajambula ndi chala. Tinawoloka, tinachapa, ndipo Lamlungu ndinayima kutsogolo, mapazi okha ali ofiira.

Zonsezi zandibwerera kuno ku Lucan, kutsidya kwa nyanja, kumene ndinabwera kudzalera ana. Mdzukulu wanga wamkulu amaphunzira zithunzi za setilaiti. Anandionetsa palaputopu nyanja ya kumpoto kwenikweni, kumene nthaka inali youndana ndi kuzizira kuyambira kalekale. Akuti tsopano ikusungunuka, mitsinje n'kumakokolola zomera zowola kukathira m'nyanja, ndipo iye amayeza kuchuluka kwake poona mtundu wa madzi.

"Ndi tiyi ameneyo," ndinatero.

"Ndi zomwezo, agogo."

"Nanga chinthu choona madzi chili kumwamba chingalephere kuona zovala zanga pachingwe?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Aseke, ine zamkati ndimayanika m'bafa. Ndamuuzanso kuti asamangokhulupirira chithunzi, wina azipita ndi botolo. Akuti amapitadi, pasitima yapamadzi. Sindinawaone.

Lamlungu lija ndinkaganiza kuti madzi akuda amathera pamene mtsinje unkakhotera kuseri kwa bango. Ndinkangokondwa kuti diresi layera. Sindinkadziwa kuti tiyi amene amayi ankamukana m'botolomo anali munda wathu womwe, ukupita osatsanzika.