Mapazi a Mkamwini

Mayi Dolika a ku Tamanda mkamwini wawo ankamudziwira kumapazi. Chala chachikulu chakumanzere chinalibe chikhadabo, ndipo zidendene zinali zong'aluka monga mwa aliyense woponda dothi. Koma nkhope ayi. Munthu woleredwa bwino sayang'ana mpongozi wake m'maso, ndipo mayiwa analeredwa bwino mopitirira muyeso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire kuti mnzake adutse.

Mkamwiniyo anali Paison, woumba njerwa wochokera kutali ku Unsenga, amene abale ake anali atamwazikira kumigodi. Anakwatira Rosina, mwana yekhayo wa mayi Dolika, m'zaka zija za dzombe. Kupewanaku kukanatha mwana woyamba atabadwa: mayi akanapha nkhuku, n'kudyera naye mbale imodzi, manyazi n'kuthera pomwepo. Nkhukuyo anaisankha kale, thadzi lamawangamawanga. Koma Rosina anatsikira kulichete pobereka, khanda linamutsatira tsiku lomwelo, ndipo thadzi lija linadyedwa pamaliro.

Kuchokera apo mutu wa Paison unasokonekera. Sankamenya munthu. Ankangoumba njerwa paliponse, mpaka tsiku lina anamanga khoma pakati pa msewu wa Boma, ati nyumba ya mwana wake. Galimoto ya mzungu wina wa fodya inaomba khomalo. Amesenjala anamumanga ndi chingwe n'kumutengera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Masiku amenewo kuno kunalibe chipatala cha odwala mutu. Wamisala ndi wakuba mbuzi ankagona ndende imodzi, kusiyana kwake kunali kwakuti wakuba ankadziwa tsiku lotuluka.

Anthu kumudzi anati ukwati unatha ndi maliro, amuiwale. Mayi Dolika anangowayankha kamodzi: "Mwana wa eni ndinamulandira ali bwinobwino. Lero ali chonchi ndimutayire ndani?"

Anasiya munda wawo n'kukakhala ku Kapata, komboni ya kufupi ndi ndendeyo, n'kumasinjira anthu chimanga kuti apeze kaufa. Tsiku ndi tsiku ankasenza chakudya kupita kuseri kwa ndende, kumene kunali chitseko chamalata chokhala ndi mpata kunsi. Akagwada n'kukankhira mbale mkati, ankaona mapazi aja, ndi unyolo pamwamba pake. Apa chitseko chinali chokomera onse awiri, chifukwa chinkawalola kucheza popanda kuchitana chipongwe.

"Odi kumeneko, atate. Mwagona bwanji?"

"Ndagona, amayi. Kaya mvula yayamba kumudzi? Denga la nkhokwe yanu lija linali lodontha."

Zaka zinapita chomwecho, ndipo munthu uja anali kuchira. Anasiya kukamba za nyumba ya mwana, nayamba kufunsa za mbewu ndi za anthu amene anamwalira. Mayi Dolika ankabwerera ku Kapata mtima uli m'malo, akupemphera kuti Boma litsegule maso.

Nkhondo yaikulu itatha, Boma linatseguladi maso, ndipo bola likanapitiriza kugona. Kunabwera lamulo latsopano, lokoma kumva kwake: odwala mutu amasulidwe unyolo, achoke m'ndende. Amene ali ndi wachibale wotha kumusunga apite kwawo. Otsalawo lole iwatengere kuchipatala chachikulu kutsidya kwa Zambezi, kumene sitinamvepo kuti wina anabwerako. Mayi Dolika atamva anavina okha pamtondo, natumiza mawu kumudzi kuti afolere nyumba. Paja akulu anati walira mvula walira matope.

Tsiku loyendera ndende, akaidi anapaka laimu chilichonse, ndi miyala yomwe, maunyolo n'kuwabisa pansi pa masaka. Dokotala wa Boma anabwera kuchokera ku Lusaka. Sanali munthu woipa, anali wofulumira chabe, ndipo pamutu pa mmphawi ziwirizi zimalemera chimodzimodzi. Womasulira wake anali kalaliki Jairos, wophunzira kumishoni, wa tayi ndi nsapato zolira.

Anaitana mayi Dolika pabwalo la ndende. Kenaka anatulutsa Paison n'kumuimika patsogolo pawo penipeni, popanda khoma, popanda chitseko.

"Bwana akuti mumuyang'ane munthuyu," anatero Jairos. "Mukumudziwa?"

Thupi la mayi Dolika linachita zimene linaphunzitsidwa lisanafunse mutu. Anakokera nsalu kumaso, nathawira kuseri kwa mtengo wa mango n'kugwada atafulatira. Nayenso Paison, poti nzeru zinali zitabwerera, anatembenukira kukhoma, nanyonyomala, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Aliyense wa kuno akanaona pomwepo kuti munthuyu wachira, chifukwa wamisala weniweni sadziwa mpongozi.

Dokotala anafunsa kuti n'chiyani chikuchitika. Jairos ankadziwa bwino lomwe, chifukwa iye mwini akapita kwawo kwa mkazi wake ku Mwami ankalumpha minga ndi nsapato zakezo pothawa apongozi ake. Koma zoti anene pamaso pa mzungu kuti kwathu timatero, tayi ili pakhosi, anaona ngati kudzivula. Zinandinyansa pamene ndinazimva, ndipo zimandinyansabe.

"Akuopa, bwana," anatero.

Dokotala anagwedeza mutu mwachisoni. Kwa iye nkhani inali yoonekeratu: mayi akuopa wodwala, ndipo wodwala sakumuzindikira mayi. Munthu wotere sangatumizidwe kumudzi. Analoza kumene kunaima opita pa lole, napitirira kwa wina.

"Ndi mwana wanga ameneyo!" anakuwa mayi Dolika ali kuseri kwa mtengo. "Ndimutenga ine! Nyumba afolera kale!"

"Mukanangomuyang'ana, amayi," anatero Jairos chapansipansi, osaima. "Bwana wagamula."

Mayi Dolika anagwada pakhomo pa ofesi mpaka dzuwa kupendeka, koma mlonda anawauza kuti lamulo lochokera ku Lusaka limabwezedwa ku Lusaka komweko.

M'mawa mwake lole inatuluka pachipata. Mayi Dolika anali ataima pamsewu, nsalu ataimanga m'chiuno, atatsimikiza kuti lero mwambo upse, amuyang'ana. Anathamanga m'mbali mwa lole, nkhalamba yopuma mwabefu, maso ali m'mwamba. Koma m'mwambamo munali mitu yometedwa mpala, nkhope zoonda zofanana, ndipo matabwa a lole anabisa mapazi onse. Anasanthula nkhope ndi nkhope, osadziwa kuti wawo ndi uti.

Amuna onsewo ankawayang'ana, ena akuseka. Mmodzi yekha, wakumapeto, atawaona anatembenuza nkhope n'kuweramitsa mutu mwaulemu, ndipo sanadzutsenso mpaka fumbi linamuphimba.

Ameneyo ndiye anali Paison.